Njinga ya a Goma ndi mvula yokwera

Chaka choyamba, Tembwe

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete ndazilumpha, poti munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsera kuposa ine. Mutu uno ndi wa ntchito yanga m'chigwa cha Luangwa, komanso wa mnzanga a Goma, amene anali ndi ulendo umodzi wofuna kuyenda maso awo asanatseke. Koma ndiyambe ndi tsiku limene lole inanditsitsa ku Tembwe ndi sutikesi, matiresi ndi dzina latsopano lakuti wazaumoyo. Unali mwezi wa Okutobala. Masana amenewo ndinakhala pakhonde la kachipatala ndikuyang'ana mitengo ya tsanya ikugwedera mu mpweya wotentha, ndikudzifunsa chimene ndinawalakwira anthu a kulikulu.

Bwana wanga woyamba anali a Mwansa, munthu wamfupi wa ku Kasama, wosakonda kubwereza mawu. Anandipatsa kanjinga kamoto kofiira, bokosi la katemera ndi sipanala imodzi, n'kundiuza kuti midzi yonse mpaka kumalire a Chifunda ndi yanga. Petulo ankabwera mwezi umene wakonda. Zipangizo sizinkabwera n'komwe. Choncho a Mwansa anandiphunzitsa kuti m'mawa uliwonse, ndisanasambe kumaso, ndizikankha tcheni ndi chala. Chikakhwepa kwambiri chidzavuka uli pakati pa njovu, chikalimba kwambiri chidzaduka, ndipo katemera adzafunda m'bokosi ana asanabayidwe. Maphunziro anga onse a za makina anathera pachala chimenecho.

Maulendo amenewo ndimawalotabe. Chilimwe ndinkakankha njinga m'mitsinje ya mchenga, akashembe akundiluma kudutsa malaya. Dzinja dothi la makande linkamata matayala mpaka kuima, ine n'kumalikokota ndi kamtengo. Koma panalinso masiku ena amene njira inali youma bwino, dzuwa lili chapansi, fumbi likutsalira kumbuyo lagolide, ndipo munthu ukayenda wekha m'tchire motero mutu umanyamuka ulendo wakewake. Ndinkaganiza za misewu yosatha, yosalala, imene sufunika kutsika n'kukankha. Ndinkafika pamudzi amayi atandandalika kale ndi ana pansi pa mlambe, ine maganizo akadali kutali.

Zaka zapakati, pa boma

Patapita zaka anandisamutsira ku Chama, nditakwatira kale mayi anu. Mabwana anasinthasintha. Wina ankatsekera petulo mu ofesi yake ngati uchi, wina ankasainira chilichonse osawerenga, wina anali mayi waukali amene anatipezera matayala atsopano, Mulungu amudalitse komwe ali. Koma munthu amene anadzaza zaka zimenezo sanali wa kuntchito.

Loweruka lina ndikuchokera kumsika ndinamva kugunda kwakuya kuseri kwa mitengo ya mango, kosafanana ndi chigayo kapena jenereta. Ndinakutsata. Ndinapeza njinga yamoto yakuda, yaikulu ngati ng'ombe, ya galasi kutsogolo ndi mabokosi awiri m'mbali, mpando wakumbuyo uli ndi potsamira pake. Pambali pake panagwada bambo wamtali wa imvi, khutu atalitchera ku injini. Amenewo ndiwo anali a Goma, Msenga mtundu wawo, mbadwa ya komweko, amene anagwira ntchito ya pansi kumigodi mpaka kupuma. Njingayo anagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo ku Chama inafika itakwera lole, yomangidwa pakati pa matumba a feteleza. Msewu wa nthawi imeneyo unali mchenga ndi maenje, ndipo chilombo cholemera chotero chikagwa sungachidzutse wekha.

Ataona kuti ndaima kukamwa yasa, anazimitsa injini n'kundiitana kuti ndidzagwire tochi. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti njinga zikuluzikulu zoyendera maulendo ataliatali zili ndi tcheni chobisika, chamkati, chimene chimatenga mphamvu ku injini n'kupereka ku magiya. Chimakhala m'chivundikiro chachitsulo kumanzere, chikusambira mu oyilo, ndipo kuti uchione umamasula kachitseko kakang'ono ngati chikhatho. Ukatsegula umalowetsa chala n'kuchikankhira m'mwamba, injini itazizira. Pansi pa tchenicho pali kampando ka pulasitiki kokwera pa mano achitsulo. Umamasula nati, n'kukakweza kapena kukatsitsa dzino limodzi, n'kumanganso. Ine wa chala cha a Mwansa ndinamva ngati ndapeza m'bale wanga kudziko lachilendo.

Ndinawafunsa kuti chinjinga chonsechi n'chopitira kuti. Anandiuza kuti ali pansi pa mgodi, mnzawo wina Mtonga ankawasimbira za mathithi a ku Livingstone, kumene mvula imagwa chokwera, kuchoka pansi kupita kumwamba, n'kukunyowetsa kunsi kwa chibwano. Anzawo ankaseka kuti ndi bodza la munthu wosowa kwawo. Koma a Goma anakhala mumdima zaka zambiri, ndipo nkhaniyo inamera mizu mwa iwo. Anagula njinga kuti akaone okha mvulayo, akudziyendetsa, mphepo ikuwawomba pachifuwa.

"Tizayenda, ba Mbewe," anatero. "Tcheni chabe chikhale bwino."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali la a Goma. Ndinkafika tiyi ali pamoto. Tinkatsegula kachitseko, iwo n'kulowetsa chala, n'kuyang'ana kumwamba kwa mango nthawi yaitali ngati akumvetsera nyimbo yakutali. Akatero ankanena kuti tcheni chili ndi njala, ndiye tinkakweza kampando dzino limodzi. Sabata yotsatira ankanena kuti chakhuta kwambiri, ndiye tinkatsitsa dzino lomwelo. Kenako ine ndinkaikwera n'kuzungulira bwalo la mpira la pasukulu kuti batire lisafe, iwo ataima pakati akutembenuka ndi phokoso. Sindinachedwe kuzindikira kuti njinga yongozungulira bwalo singadye tcheni sabata ndi sabata. Koma tiyi anali wabwino, mthunzi unali wabwino, ndipo tikamanga kachitseko tinkakhala pansi n'kuyamba ulendo wapakamwa. Tinkakwera mapiri a Muchinga, tinkamwa madzi ku Mpika, tinkagula mbatata ku Serenje. Ndikafika kunyumba mayi anu ankandifunsa kuti lero mwafika pati, ine n'kuyankha kuti pa Kapiri, mafuta atithera.

Chaka chimene phula linafika

Kenako makina achikasu anabwera, msewu wolowera kumapiri unathiridwa phula, pa Luangwa panamangidwa mlatho. Anthu a pa boma ankapita kukangoyendapo madzulo, ena atavula nsapato. Ine ndinathamangira kwa a Goma kukawauza kuti mchenga watha, tsopano tinyamuke. Analowetsa chala m'kachitseko, n'kupukusa mutu. Tcheni sichinali bwino.

Chaka chomwecho ndinayamba kuona zina. Sipanala ili pafupi ndi bondo lawo, iwo ankaifufuza ndi dzanja m'fumbi. Nkhuku ikadutsa pambali sankaiona mpaka italira. Ntchito yanga inali yoona odwala asanadzidziwe okha, choncho dokotala wa maso atabwera pa boma ndinawakokera komweko, akudandaula njira yonse kuti ndikuwatayitsa nthawi. Dokotalayo anati ndi matenda aja odya maso kuyambira m'mbali kulowa pakati, ndipo chimene adya sabweza. Mankhwala odonthezera ankangochedwetsa, komanso pa boma ankapezeka mwa apo ndi apo. Ndinkapempha aliyense wopita ku Chipata kuti abwere nawo, mpaka madalaivala ankandithawa.

Pobwerera tsiku limenelo a Goma anandiuza kuti dziko akuliona ngati munthu wosuzumira m'bango, ndipo bangolo likucheperachepera. Anazinena mopepuka, ngati akunena za mtengo wa mpunga. Ine mtima unandiwawa kwambiri. Ndinawauza kuti ndipempha tchuthi, ndiyendetse ndine, iwo akhale kumbuyo pampando wotsamira uja. Anaima pakati pa njira.

"Mwamuna sakwela kumbuyo kwa njinga yake," anatero. "Maso yazapola. Na tcheni chikalibe kukhala bwino."

Ndinawasiya. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinadekha mpaka imvi zinandimera. Loweruka linkabwera, tinkakweza dzino, Loweruka lina tinkalitsitsa. Tchenicho chinali mpanda wawo. Kuseri kwake ankakhala munthu amene adzanyamuka mawa akudziyendetsa yekha, osati nkhalamba imene ikuchita khungu.

Chaka chopuma, kumapeto kwa dzinja

Nthawi yanga yopuma itakwana anatiuza kuti tituluke m'nyumba ya boma. Mayi anu anamanga mbale m'zitenje, lole yopita ku Katete inapezeka. Masiku omwewo basi ya ku Lusaka inabweretsa kaphukusi kochokera kwa Tiwonge, mwana wamkazi wa a Goma, amene ankagwira ntchito kumeneko. Anakatumiza kwa ine, osati kwa bambo ake. Mkati munali chipangizo chomangira tcheni chokha: kampando ka pulasitiki konga kakale kaja, koma kokhala pa masipuling'i awiri. Masipuling'iwo amakankha kampando nthawi zonse. Tcheni chikakhwepa kamakwera, chikatentha n'kulimba kamatsika. Ukachiika kamodzi, za chala ndi nati zatha.

Tiwonge anandiimbira foni. "Ba ankolo, adada saona, muziba na imwe. Manje mukapita, azagwila bwanji manati? Muwaikile chabe, apumule."

Mwanayo ankafuna zabwino. Koma ine nditagwira chipangizocho m'manja ndinadziwa chimene chinali. Ndikachiika ndagwetsa mpanda wa mnzanga, ndamuimika poyera. Ndikapanda kuchiika, bango lidzatsekeka ulendo ukadali mkamwa, ndipo ine ndidzakhala ku Katete ndikudyetsa nkhumba. Pa ntchito yanga yonse ndinauzapo anthu nkhani zowawa zambiri, koma onsewo sindinkamwa nawo tiyi. Ndinayenda nako kaphukusiko m'thumba masiku angapo, chakudya osachimva kukoma. Amene anadula nkhani ndi mayi anu. Anati iwo atsogola ndi lole, ine nditsale, chifukwa anatopa kumva za Kapiri ndipo akufuna tsiku lina adzamve kuti tinafika.

Loweruka lomaliza ndinafika ndi oyilo watsopano ndi beseni. Ndinaika chipangizocho m'manja mwa a Goma. Anachipapasa, n'kutsindikiza kampando ndi chala chachikulu, n'kukamva kakubwerera kokha. Anali munthu wa makina, sanafunike kuuzidwa. Anachiika pansi n'kunena kuti chinthu chopanda chala sichingadziwe tcheni.

"A Goma," ndinatero, "tcheni chanu chakhala chili bwino kuyambira tsiku limene ndinakugwirirani tochi. Inu mukudziwa, inenso ndikudziwa. Maso ndiwo sali bwino, ndipo sadikira. Ine ndatsala kuti tipite."

Ndinaganiza kuti andithamangitsa pakhomo, ndipo akanatero sindikanawaimba mlandu. Kenako anavula chipewa n'kuchitembenuza pamiyendo, n'kundiuza kuti mabawuti ndiziika mmenemo asatayike.

Tinakhetsa oyilo wakale m'beseni. Tinamasula chivundikiro chonse, osati kachitseko kokha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachiona tchenicho chathunthu, chikunyezimira, chopanda chilema. Kampando kakale anakachotsa okha a Goma, manja awo akudziwa njira popanda maso. Katsopano tinakaika awiri, ine ndikupanikiza masipuling'i, iwo akumanga nati. Titatseka n'kuthira oyilo ndinaliza injini. Munamveka kakulira kopyapyala, ka tcheni chikudzisemera njira pa pulasitiki yatsopano. Nditaponda giya yoyamba, imene kale inkalowa ndi chiphokoso ngati wagwetsa khasu pamwala, inangolowa mwakachetechete. Injini itazizira anandiuza kuti nditsegule kachitseko. Analowetsa chala, n'kukankha, n'kukankhanso. Anayang'ana kumwamba kwa mango monga mwa masiku onse.

"Chili bwino," anatero. Kenako anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Manje nizanama chani, ba Mbewe?"

Epulo, pamsewu

Tinanyamuka m'mawa kukadali mame, zovala m'bokosi limodzi, mpunga ndi kapoto m'linalo. A Goma anakwera kumbuyo, msana uli chilili, osafuna kutsamira. Anthu a pamsika anaima kutiyang'ana. Titadutsa minda yomaliza ya chimanga ndinatsegula mafuta, ndipo njinga ija, imene kwa zaka zonsezo inkangodziwa bwalo la mpira, inatambasuka. Sindinayendepo chotero. Phula linkabwera lokha pansi pathu, udzu wautali unkawerama mbali zonse, injini ikugunda pang'onopang'ono ngati siikugwira ntchito. Ndinamva msana wa a Goma ukufewa mpaka anatsamira.

Pamlatho wa Luangwa anandigogoda paphewa kuti ndiime. Mtsinje unali wodzaza, wofiira, ukunyamula mitengo. Anagwira chitsulo cha m'mphepete n'kuyamba kuyendetsa mutu pang'onopang'ono, kuchokera tsidya lino kupita tsidya lina, akutolera mtsinje chidutswachidutswa kudzera m'bango lawo lija. Anati anabadwira m'mbali mwa madzi amenewa, anawawoloka pabwato kambirimbiri, koma anali asanawaonepo ali pamwamba pake. Ndinawadikira. Kuthamanga sikufika.

Za masiku otsatira ndimakumbuka ngati maloto a masana. Mapiri a Muchinga, mphepo yozizira ya pamwamba, malole aataliatali a pamsewu waukulu, amayi ogulitsa mbatata pa Serenje, amene tinali titawagula kale kambirimbiri pansi pa mango. Pa Kapiri ndinaimbira mayi anu kuwauza kuti mafuta alipo, tikupitirira. M'mawa uliwonse tisananyamuke a Goma ankapempha sikuludiraiva, ndipo ine ndinkawapatsa. Ankatsegula kachitseko, n'kulowetsa chala, n'kudandaula kuti kanthu aka kalibe ulemu, sikasiyira munthu wamkulu ntchito. Koma ndinkaonanso kuti akufufuza mabawuti nthawi yaitali kuposa dzulo lake. Kudutsa Lusaka anasiya kundifunsa mayina a malo. Ankangondifunsa ngati kuli mitambo. Ndinayamba kuchita mantha kuti tachedwa, ndipo ndinkayendetsa mpaka mapewa kuuma.

Mathithi tinayamba kuwamva tisanawaone, mkokomo wolowera m'mapazi. Tinasiya njinga pachipata n'kulowa m'kanjira ka m'nkhalango, ine nditawagwira pachigongono. Apa ndi pamene anthu awiri a m'chigwa tinaonekera umbuli wathu. Ife tinkaganiza kuti mtsinje umakoma kuuona utadzaza, monga Luangwa. Sitinadziwe kuti mwezi umenewo madzi amachuluka mpaka utsi wake umaphimba chilichonse. Titafika pamalo oonera, kutsogolo kwathu kunali kuyera kokhakokha. Panalibe phompho, panalibe mathithi, ngakhale dzanja langa ndikalitambasula linkazimirira. Ndinaima pamenepo madzi akutsika m'khosi, ndikumva chisoni chimene sindinachimvepo. Ndinagwetsa mpanda wa munthu, ndinamukoka dziko lonseli, kudzamuonetsa chifunga.

A Goma anayendetsa mutu uku ndi uku monga anachitira pamlatho. Kenako anandikokera pafupi n'kundilankhula m'khutu, chifukwa cha mkokomo.

"Ba Mbewe, imwe muona chani?"

Ndinafuna kuwapangira mathithi apakamwa, monga tinkapangira Mpika ndi Serenje. Koma mabodza tinali titawasiya ku Chama m'beseni la oyilo.

"Palibe, a Goma. Utsi wokhawokha."

"Na ine," anatero. Ndinamva nthiti zawo zikugwedezeka pamkono wanga, akuseka. "Manje talingana."

Pomwepo mphepo inachokera pansi pa phompho. Madzi anabwera nayo, osati kuchokera kumwamba, koma kuchokera kumapazi, n'kukweza malaya athu, n'kulowa m'mphuno. A Goma anasiya mkono wanga. Anavula chipewa, anakweza chibwano, n'kuima okha, manja atatambasula pang'ono. Madontho ankakwera pakhosi pawo kupita kundevu. Ndinayang'ana nkhope yawo ndipo ndinaona kuti maso atseka, atseka okha mwakufuna kwawo.

Anakhala zaka zina ziwiri ku Chama, mumdima wathunthu, ndipo Tiwonge amati aliyense wobwera kudzawaona ankamugwira kunsi kwa chibwano kumuonetsa pamene panawanyowa. Atamwalira njinga ija inatsala kwa ine, ndipo ndi imene ili m'shedi kuseri kwa khola, imene mumati ndigulitse. Musadzaigulitse ndikadali moyo. Koma zimene ndikufuna musunge ndi mawu amene ananena tili pamenepo, tonse awiri osaona kanthu, madzi akutikwera. Sanakuwe, moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Uja Mtonga sananiname, ba Mbewe. Ikwela."